Dzina limodzi, ma class awiri: chifukwa chake Java imakana deta imene inalemba yokha

Pali uthenga wina wa Java umene umazunguza mutu ngakhale akadaulo amene akhala akulemba mapulogalamu zaka zambiri. Umabwera chonchi:

`java.lang.ClassCastException: class mw.tiyi.Muyezo cannot be cast to class mw.tiyi.Muyezo`

Mayina awiriwo ndi ofanana chilembo ndi chilembo, ndiye kuti kompyuta ikukuuzani kuti Muyezo si Muyezo. Wophunzira wa ku MUST pa Ndata akakumana nawo usiku woti mawa lake akaonetsa pulojekiti, amayamba kukayikira kalembedwe kake, kenaka kukayikira laputopu, mapeto ake kufufuta zonse n'kuyambiranso. Koma vuto silikhala kumeneko. Limabadwa pamene zinthu ziwiri zakumana, serialization ndi class loader, chonsecho chilichonse mwa ziwirizi chikugwira bwinobwino ntchito imene chinapangidwira.

Kuti nkhani isayandame, titenge chitsanzo chimodzi cha kuno kwathu n'kuyenda nacho. Tiyerekeze kuti fakitale ina ya tiyi ku Thyolo ili ndi pulogalamu yolemba masamba amene alimi ang'onoang'ono abweretsa. Pa malo oyezera mayi watula thumba la tiyi amene wathyola m'mawa, kalaliki walikoleka pa sikelo, sikelo yaima pa makilogalamu 23. Kalaliki alemba pa foni nambala ya mlimi, makilogalamu ndi tsiku. M'kati mwa pulogalamu muli class yotchedwa Muyezo, yomwe ndi dongosolo lonena kuti muyezo uliwonse uzikhala ndi zinthu zitatu zimenezi. Zimene kalaliki walemba za mayi uja ndi object imodzi yopangidwa motsatira class imeneyo. Object imeneyi iyenera kukafika pa seva ya ku ofesi ili yathunthu, poti malipiro a mayiyo akawerengedwa kuchokera pamenepo.

Serialization: kutulutsa object mu memory

Object imakhala mu memory ya pulogalamu imene ikuyenda. Pulogalamu ikatsekedwa kapena magetsi akathima, yapita. Siingadutsenso pa netiweki momwe ililimo, chifukwa m'kati mwake muli manambala olozera malo a mu memory ya makina omwewo, amene pa makina ena alibe tanthauzo. Serialization ndi kusandutsa object kukhala mndandanda wa ma byte woti ukhoza kulembedwa mu fayilo kapena kutumizidwa kwina. Deserialization ndi ulendo wobwerera: kuwerenga ma byte aja n'kumanganso object.

Java, imene kampani ya Sun Microsystems inatulutsa mu 1995, inakhala ndi njira yakeyake yochitira zimenezi kuyambira JDK 1.1 mu 1997. Mumangolemba kuti class yanu ndi `Serializable`, basi `ObjectOutputStream` ilemba, `ObjectInputStream` iwerenga. Mukatsegula fayilo yotereyi ndi pulogalamu yoonetsa ma byte, mupeza kuti imayamba ndi `AC ED 00 05`. Patsogolo pang'ono muona dzina lakuti `mw.tiyi.Muyezo` litalembedwa loonekeratu, motsatana ndi nambala yotchedwa serialVersionUID, mayina a zigawo za class, kenaka manambala enieni a muyezowo.

Pambuyo pake kunabwera malaibulale ena (zida zolembedwa kale zimene pulogalamu imangozigwiritsa ntchito) ochita ntchito yomweyi mwachangu kapena mogwirizana ndi zilankhulo zina za kompyuta. Google inatsegulira anthu onse Protocol Buffers mu 2008. Apache Avro inayamba mu 2009 m'banja la Hadoop, pansi pa Doug Cutting. Kuli Kryo imene ambiri amaidziwira ku Apache Spark, kuli Jackson ya JSON, kuli XStream ya XML.

Kusiyana kwawo n'kwambiri, koma pali chimodzi chimene muyenera kugwiritsitsa: class yeniyeniyo siyenda nawo pa ulendowu. Zimene zimayenda ndi deta, ndipo nthawi zambiri pamakhalanso dzina la class kapena nambala yoimira dzinalo. Wolandira ayenera kukhala nayo kale class kwawo, ndipo ayenera kuipeza. Mu Java, ntchito yopeza class ndi ya class loader.

Class loader: amene amadziwa komwe class ili

Pulogalamu ya Java ikamangidwa imakhala mafayilo a `.class`, nthawi zambiri atalongedwa pamodzi mu fayilo ya JAR. JVM, imene imayendetsa pulogalamuyo, siwerenga mafayilo onse poyamba. Imadikira mpaka class ifunike koyamba, ndiye ituma class loader. Loader amalandira dzina, akapeza ma byte a class kulikonse kumene iye amayang'ana, kaya mu foda, mu JAR kapena pa netiweki, n'kuwapereka kwa JVM.

Chiyambi cha dongosololi ndi ma applet, timapulogalamu ta m'zaka za m'ma 1990 timene tinkabwera pa intaneti n'kumayenda mu browser. Ma applet awiri ochokera kwa anthu osadziwana akanatha kukhala ndi class ya dzina limodzi, ndipo panafunika njira yoti asasokonezane. Yankho linali lamulo limene lilipo mpaka lero: JVM imadziwa class ndi zinthu ziwiri, dzina lake ndi loader amene anaibweretsa. Mu 1997 Vijay Saraswat anaonetsa kuti munthu akhoza kusewera ndi ma loader awiri n'kupusitsa JVM kuti itenge class ina ngati inzake. Sheng Liang ndi Gilad Bracha a ku Sun anakonza malamulo otseka mpatawo, ndipo analowa mu JDK 1.2 ya mu 1998.

Lamulo limeneli kwa ife si lachilendo. Mukapita kukalembetsa chiphaso cha unzika, dzina lokha silikwanira. Amafunsanso mudzi, mfumu yaikulu ndi boma. Anthu awiri akhoza kufanana dzina loyamba ndi la bambo lomwe, wina wa kwa Bvumbwe wina wa kwa Chimaliro, koma munda wa mmodzi sukhala wa mnzake chifukwa cha dzinalo. Class loader ndiye mfumu imene class inalembedwa m'kaundula wake. Ma byte a serialization ali ngati kalata imene yatchula dzina la munthu osatchula kwawo. Wolandira kalatayo ayenera kusankha yekha mfumu yokafunsa, ndipo akalakwa mudzi, mwina sapeza munthuyo, mwina apeza mnzake wa dzina.

Ma loader nawo ali ndi maudindo. Pamwamba pali bootstrap, wobweretsa ma class a maziko monga `java.lang.String`. Pansi pake pali platform, amene analowa m'malo mwa extension loader mu Java 9 ya mu 2017. Kenaka application loader, wowerenga classpath, womwe ndi mndandanda wa mafoda ndi ma JAR a pulogalamu yanu. Kuyambira JDK 1.2, loader akapemphedwa class amayamba wafunsa kholo lake, loader wa pamwamba pake, ndipo amadzifunira yekha pokhapokha kholo litalephera. Chotsatira chake n'chofunika kuchiloweza: mwana amaona ma class a kholo, kholo siliona a mwana, ndipo ana a kholo limodzi saonerana zawo.

Custom class loader ndi loader wowonjezera amene wina walemba kuti ayang'ane malo ena kapena atsatire dongosolo lina. Mwina simunalembepo wanu, koma mwagwiritsa ntchito a ena. Apache Tomcat, seva yoyendetsa mapulogalamu a Java, imapatsa pulogalamu iliyonse yoikidwa pa iyo loader wake, ndipo imatembenuza lamulo lija: kupatula ma class a Java yeniyeni, imayamba yayang'ana mu `WEB-INF/classes` ndi `WEB-INF/lib` isanafunse kholo. DHIS2, imene Unduna wa Zaumoyo umagwiritsa ntchito posonkhanitsa ziwerengero za m'zipatala, ndi pulogalamu ya Java yoikidwa pa Tomcat. OpenMRS, imene bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo limagwiritsa ntchito ku Neno, imapatsa module iliyonse loader wake. Eclipse imachita zomwezo kudzera mu OSGi, dongosolo logawa pulogalamu m'zigawo, ndipo Kafka Connect inayamba kupatula ma plugin ake motere mu 2017. Phindu lake ndi lalikulu: zigawo ziwiri zikhoza kugwiritsa ntchito mitundu iwiri yosiyana ya laibulale imodzi osamenyana, ndipo chigawo chimodzi chikhoza kusinthidwa osazimitsa seva yonse.

Pamene ziwirizi zimagundana

Vuto limaoneka m'nkhope zitatu.

Yoyamba ndi `ClassNotFoundException`. Tinene kuti woyang'anira seva ya ku fakitale waika laibulale ya serialization mu foda ya `lib` ya Tomcat kuti mapulogalamu onse agawane, koma Muyezo ili mu `WEB-INF/classes` ya pulogalamu ya tiyi. Laibulale yawerenga dzina, yafunsa loader amene anaibweretsa iyoyo, amene ndi kholo. Kholo siliona za mwana. Fayilo ya class ilipo ndithu pa disiki, mukhoza kuiona ndi maso, koma uthenga ukuti palibe. `ObjectInputStream` ya Java nayo imagwa m'dzenje lomweli, chifukwa ikasiyidwa yokha imayang'ana mndandanda wa amene anaiitana n'kutenga loader woyamba amene si wa Java yeniyeni. Ngati woiitana wapafupi ndi laibulale ya kwa kholo, loader wake ndi amene afunsidwe.

Yachiwiri ndi ija ya Muyezo amene si Muyezo, ndipo ophunzira ambiri amakumana nayo kudzera mu Spring Boot DevTools. Chida chimenechi chimayambitsanso pulogalamu mwachangu mukasintha kanthu, ndipo chimatero pogwiritsa ntchito ma loader awiri. Wokhazikika amasunga ma JAR amene sasintha. Wachiwiri, `RestartClassLoader`, amabweretsa ma class amene mukulemba, ndipo amatayidwa n'kupangidwa wina nthawi iliyonse. Tsono loader wokhazikika uja nayenso amatha kufika pa foda ya ma class anu. Laibulale ikamufunsa Muyezo, amabweretsa yake kuchokera pa fayilo yomweyo. Mu memory muli ma Muyezo awiri, ofanana byte ndi byte, koma a makaundula awiri. Object yamangidwa ndi wina, pulogalamu yanu ikuyembekezera winayo.

Yachitatu ndi ya Avro, ndipo imabisala. `SpecificData` imatenga namespace ndi dzina zolembedwa mu schema, chikalata chofotokoza maonekedwe a deta, n'kufuna class yoyenera. Ikalephera siidandaula pomwepo, imamanga `GenericData.Record`, object ya chisawawa yongosunga zigawo ndi mayina ake. Pulogalamu imapitirira mpaka pamene wina afuna kuigwiritsa ntchito ngati Muyezo, ndiye imagwa n'kunena kuti `GenericData$Record` siingasanduke Muyezo. Mzere umene wagwawo umakhala kutali ndi pamene vuto linayambira, n'chifukwa chake anthu amataya nthawi kukonza schema imene ilibe cholakwa.

Musanasinthe chilichonse, funsani ma class eni ake kwawo:

```
System.out.println(chobwera.getClass().getClassLoader());
System.out.println(Muyezo.class.getClassLoader());
```

Mizere iwiriyo ikatulutsa zosiyana, mwapeza gwero. Java ya masiku ano imathandizanso potchula ma loader onse awiri kumapeto kwa uthenga wa `ClassCastException`, chigawo chimene ambiri sawerenga chifukwa n'chachitali. Kuyendetsa JVM ndi `-verbose:class` kumaonetsa class iliyonse ikamalowa ndi fayilo imene yachokera.

Kuiuza laibulale loader wofunsa

Malaibulale ambiri ali ndi khomo lopatsirapo loader, ngakhale silikhala patsamba loyamba la malangizo. Ku Avro mumapanga `new SpecificData(loader)` kapena `new ReflectData(loader)` n'kuipereka kwa `SpecificDatumReader` kapena `ReflectDatumReader`, m'malo modalira `SpecificData.get()` imene aliyense amagawana. Ku Kryo ndi `kryo.setClassLoader(loader)`. XStream ilinso ndi `setClassLoader`. Ku Jackson loader amaikidwa pa `TypeFactory` kudzera mu `withClassLoader`, ngakhale Jackson imafuna class ndi dzina pokhapokha mwailola kulemba mayina a ma class mu JSON. Pa `ObjectInputStream` mumalemba class yanu yochokera pa iyo n'kusintha `resolveClass` kuti iitane `Class.forName(desc.getName(), false, loader)`, osaiwala kubwerera ku njira yakale ikalephera, chifukwa mitundu ngati `int` siipezeka ndi `Class.forName`. Ngati simukufuna kulemba nokha, Apache Commons IO ili ndi `ClassLoaderObjectInputStream` ndipo Spring ili ndi `ConfigurableObjectInputStream`. Amene amalemba za Android amadziwa mbale wake wa vutoli: `Bundle` nthawi zina imakana kumasula `Parcelable` yanu mpaka mutaitana `setClassLoader`.

Loader woyenera kupereka nthawi zambiri ndi `Muyezo.class.getClassLoader()`, wotengedwa m'chigawo cha pulogalamu chimene chidzagwiritse ntchito object imeneyo.

Pali njira yachidule imene anthu amathamangira: kukopera JAR ya Muyezo mu foda ya kholo kuti aliyense aione. Imagwira ntchito, ndipo pa seva ya pulogalamu imodzi yokha ikhoza kukhala yokwanira. Koma dziwani chimene mwagula. Muyezo tsopano siingasinthidwe popanda kuzimitsa seva yonse, ndipo mukaiwala kuchotsa kope la mu `WEB-INF`, mwadzipangira nokha ma Muyezo awiri aja.

Context class loader: njira yodutsira pambali

Amene anapanga Java anaona msanga kuti nthawi zina kholo limayenera kupeza za mwana. Choncho JDK 1.2 inapatsa thread iliyonse (mzere umodzi wa ntchito woyenda pawokha m'kati mwa pulogalamu) loader woyenda naye, wotengedwa ndi `Thread.currentThread().getContextClassLoader()`. Tomcat imamuika kukhala loader wa pulogalamu imene ikutumikiridwa pa nthawiyo, ndipo laibulale ya kwa kholo imangomufunsa. Jackson imatero ikapanda kupatsidwa loader, Avro nayo imamuyesa loader wake akalephera.

Kufooka kwake n'koti palibe lamulo lokakamiza kuti loader ameneyu akhale wolondola. Ntchito ikasamukira pa thread ina, loader amasintha mwakachetechete. Kuyambira Java 9, ma thread a mu common pool, gulu limene JVM yonse imagawana, amene amayendetsa parallel stream ndi `CompletableFuture.supplyAsync`, amanyamula system class loader. Ndiye muyezo umodzi uwerengeka bwino, koma wina akangosintha `stream()` kukhala `parallelStream()` kuti miyezo ya mwezi wonse iwerengeke msanga, ina iwerengeka ina ikanika, malingana ndi thread imene yaigwira. Amene amaika context loader yekha azimubwezeretsa mu `finally`, poti thread imeneyo ikapita kukatumikira pulogalamu ina ikadanyamula loader wa eni.

Loader wotayidwa amene sachoka

Class iliyonse imagwira loader wake, ndipo loader amagwira ma class ake onse. Laibulale ya kwa kholo ikasunga class imodzi yokha ya mwana mu cache yake (mosungira zinthu kuti zizipezeka msanga), kapena Kryo ikatsalira mu `ThreadLocal` popeza siilola kugawana pakati pa ma thread, pulogalamu yakale yonse imatsala mu memory ngakhale mwaika yatsopano. Mukabwereza kangapo seva imagwa ndi `OutOfMemoryError`. Kale uthengawu unkatchula PermGen. Kuyambira Java 8 ya mu 2014 umatchula Metaspace.

Chitetezo: dzina lochokera kwa mlendo

Apa ndi pamene ndikufuna muchedwepo, chifukwa nkhani ya loader imatengedwa ngati yongothetsa uthenga wosautsa, pamene ndi nkhaninso ya mlonda. Ngati ma byte ndi amene akutchula class yoti imangidwe, ndiye kuti wotumiza ma byte ndi amene akusankha. Ndipo loader amene mwapereka ndi amene akunena kuchuluka kwa ma class amene mlendoyo angasankhepo.

Mu January 2015 Chris Frohoff ndi Gabriel Lawrence anaonetsa kuti ma class osalakwa a mu Apache Commons Collections akhoza kulumikizidwa mwanzeru mu ma byte, kotero kuti kungowawerenga kokha kumayendetsa malamulo a wotumiza pa seva. Mu November chaka chomwecho zinadziwika kuti WebLogic, WebSphere, JBoss ndi Jenkins zikhoza kuthyoledwa motere. Chowawa n'choti chipongwe chimachitika pa nthawi yomanga object, pulogalamu yanu isanapeze mpata woona ngati chobwera ndi Muyezo.

Mayankho anatsatira. JEP 290 inabweretsa `ObjectInputFilter` mu Java 9, sefa yoona dzina la class lisanaloledwe, ndipo JEP 415 mu Java 17 inalola masefa osiyana pa ntchito zosiyana. Jackson 2.10 ya mu 2019 inabweretsa `PolymorphicTypeValidator`. Kryo 5 imakana class imene simunailembetse pokhapokha mutazimitsa lamulolo nokha. Avro nayo siinapulumuke: mu 2024 panalengezedwa CVE-2024-47561, pamene schema yochokera kwa mlendo ikanatha kuyendetsa zoipa, ndipo vutolo linakonzedwa mu 1.11.4. Loader wopatulidwa amachepetsa ma class ofikirika, koma yekha si chitetezo, popeza mwana amaona zonse za kholo. Pamafunikabe mndandanda wa ma class ololedwa.

Mafunso amene sanathe

Loyamba: kodi deta izinyamula n'komwe mayina a ma class? Ena amati ayi. Gwiritsani ntchito schema, werengani ndi `GenericRecord` kapena ndi class ya Protocol Buffers imene pulogalamu yatchula yokha, kenaka sandutsani nokha kukhala object yanu. Loader sakhalanso nkhani, ndipo foni imene yakhala masiku m'mapiri opanda netiweki ikhoza kutumiza deta ya mtundu wakale n'kuwerengekabe malinga schema yasinthidwa mosamala. Ena amayankha kuti zimenezi zimachulukitsa ntchito yolemba ndi malo olakwitsa, komanso kuti makina ngati Spark ndi Flink, amene amayendetsa ma class alionse amene wogwiritsa ntchito wabweretsa, sangadziwiretu zonse.

Lachiwiri: udindo wosankha loader ndi wa yani? Olemba malaibulale ena amafunsa context loader poyamba, ena loader wawo, ena amadikira kupatsidwa. A OSGi akhala akunena kuti context loader amaphwanya malire amene iwo amamanga, pamene a maseva ngati Tomcat amamudalira. Java siinagamule mbali.

Lachitatu likukhudza ma module a Java 9. Kuyambira Java 16 ndi 17, zamkati mwa JDK n'zotsekedwa mwamphamvu, ndipo laibulale yozolowera kulowa m'zigawo zobisika imalandira `InaccessibleObjectException` mpaka mutawonjezera `--add-opens`. Kupeza class sikukwaniranso. Pamafunika chilolezo cholowamo. Ma record, ma class ongosunga deta amene anakhazikika mu Java 16, amamangidwanso podutsa pa constructor yawo, chigawo cha class chomangira object, zimene zimalola kukana deta yoipa pakhomo. Brian Goetz wa ku Oracle analemba maganizo mu 2019 oti njira yofanana ndi imeneyi ifike kwa ma class onse, koma `Serializable` ya mu 1997 ikadali m'malo mwake, ndipo mafayilo ambirimbiri amene analembedwa nayo akufunikabe kuwerengedwa.

Lachinayi ndi la GraalVM Native Image, imene imamanga pulogalamu yoyamba msanga komanso yosadya memory yambiri, zinthu zokopa kwa ofesi imene seva yake ndi yaing'ono. Mtengo wake n'koti imafuna kudziwiratu ma class pa nthawi yomanga, kuphatikizapo amene adzafunidwe ndi dzina powerenga deta. Pulogalamu ya ma module, yolandira JAR yatsopano ili m'kati moyenda n'kuipatsa loader wake, yaima pa maziko otsutsana ndi amenewo. Gulu limene likuyamba pulojekiti lero liyenera kusankha chimene likufuna kwambiri pakati pa ziwirizi lisanasankhe laibulale ya serialization.